FANI YA GALIMOTO IKALEKA KUZUNGULIRA MULI NDI MATENDA PANJIRA

Ena adabwa kuona nkhani ya mawaya a galimoto m'kabuku ka zaumoyo. Koma wodwala sathandizidwa asanafike kuchipatala, ndipo kwathu kuno ambiri amafikako pa magalimoto akale a matola. Kuchokera pa Ntaja kukafika kuchipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde pali mtunda woposa makilomita 40. Anzathu a kumidzi ya kufupi ndi nyanja ya Chiuta amayamba ayenda kaye m'misewu ya fumbi ndi mchenga asanaponde tala. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo, ndipo injini imavutika ndi kutentha monga momwe amavutikira munthu.

Mayi amene akutaya magazi ambiri atangobereka akhoza kumwalira pasanathe maola awiri ngati sathandizidwa. Choncho galimoto ikaima panjira ola lathunthu chifukwa cha kawaya kamodzi, imeneyo ndi nkhani ya zaumoyo ndithu.

ZIMENE TINAMVA M'SEWERO

M'sewero limene magulu omvera wailesi anakambirana, mayi wina woyembekezera matenda anamuyamba masana. Apongozi ake anapempha mwini pikiapu yakale ya m'mudzimo kuti awaperekeze kuchipatala cha Ntaja. Pikiapuyo inali ndi fani ya magetsi yochita kuikamo. Woikayo sanaike fyuzi. Anangopotokola mawaya ndi manja n'kukulunga ndi pulasitiki.

Atalowa pamchenga galimoto inayamba kuyenda pang'onopang'ono. Posakhalitsa nthunzi inayamba kutuluka kuboneti.

"Bambo, taimiranji pano? Mwanayu zinthu sizili bwino," anatero apongozi aja.

"Pepani amayi, injini yawira. Iwe, tenga chigubu uthiremo madzi msanga!"

"Bwana, koma sikunazizire."

"Ndati tsegula! Sukuona kuti tili ndi matenda?"

Mnyamata uja atangopotokola chitsekerero cha redieta, madzi owira anamuthovukira kumaso ndi pamkono. Munthu wina wodutsa anathamangira kukatenga mazira aawisi kuti amupake. Galimoto imene inanyamuka ndi wodwala mmodzi inafika pa Ntaja mochedwa, ili ndi odwala awiri. M'mawa mwake amakaniko anapeza kuti fani inali yabwinobwino. Mawaya opotokola aja ndiwo anali atalekana chifukwa cha mabampu.

KODI FANI IMAGWIRA NTCHITO YANJI?

Injini ikamalira imatentha kwambiri. Madzi amazungulira m'kati mwake n'kutenga kutenthako kupita nako ku redieta. Mphepo ikamadutsa pa timipata ta redieta madzi aja amazizira, kenaka amabwereranso m'injini.

Galimoto ikamathamanga pa tala mphepo imalowa yokha. Koma ikamayenda pang'onopang'ono pamchenga, pamatope kapena pachitunda, kapenanso ikaima injini ikulira, mphepo yolowa yokha imachepa. Apa ndi pamene fani imafunika kuti ikoke mphepo.

Mafani alipo a mitundu iwiri. Magalimoto ambiri akale, monga Land Rover ndi Toyota Hilux zamakedzana, fani yake imazunguzidwa ndi injini kudzera pa lamba. Magalimoto ang'onoang'ono monga Toyota Corolla ndi Toyota Sienta ali ndi fani ya magetsi. Eni magalimoto akale ena amachotsa fani ya lamba n'kuika ya magetsi yogula pakaunjika wa zitsulo. Kutero sikulakwa, malinga ailumikize bwino.

Dziwani chizindikiro ichi. Ngati muvi wa geji ukukwera galimoto ikaima kapena ikamayenda pang'onopang'ono, koma n'kumatsika mukayamba kuthamanga, kawirikawiri vuto ndi fani. Ngati muvi ukukwera ngakhale mukuthamanga, ganizirani zina: madzi achepa, redieta yatsekeka, lamba wa pampu ya madzi wakhwepa, thermostat yakanirira kapena gasiketi yapsa.

NJIRA IMENE MOTO UMAYENDA

Moto wa fani uli ngati madzi a m'ngalande ya kudimba. Pakangotsekeka pamodzi, kumunsi konse kumauma. Motowo umadutsa pa zinthu zisanu.

1. Batire. Apa ndi pochokera moto. Batire la galimoto yaing'ono ndi la mavoti 12.

2. Fyuzi. Ndi kachitsulo kopyapyala kamene kamaduka moto ukachuluka. Fyuzi imapsa dala kuti mawaya ndi galimoto zisapse.

3. Relay. Ndi kabokosi kakang'ono ka miyendo inayi kapena isanu. Fani imadya moto wambiri, kawirikawiri ma amp 10 mpaka 20, ndipo poyamba kuzungulira imadya woposa pamenepa. Swichi yaing'ono singapirire moto wotere. Relay ili ngati mlonda wa pageti: swichi imangomuuza, iye ndiye amatsegulira moto waukulu.

4. Swichi ya kutentha. Imamangidwa pa redieta kapena panjira ya madzi. Madzi akatentha kufika madigiri 90 kapena kupitirira pang'ono, imauza relay kuti iyatse fani. Akazizira imazimitsa. Mlingo weniweni umasiyana malinga ndi mtundu wa galimoto.

5. Mota ya fani ndi waya wa earth. Moto ukazunguza mota umabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto. Pamene pamangidwa waya wa earth pakachita dzimbiri, fani imafooka kapena kuima kumene.

KALUMIKIZIDWE KOYENERA

Ngati mukuika fani ya magetsi m'galimoto yakale, pitani kwa amakaniko odziwa za mawaya. Koma nanunso dziwani zoyenera kuchitika kuti muone ngati ntchito yagwiridwa bwino. Pansi pa relay pamalembedwa manambala 30, 85, 86 ndi 87.

Pa 30 pafike waya wonenepa wochokera ku mutu wa batire wolembedwa +. Fyuzi ikhale pa waya ameneyu, pafupi kwambiri ndi batire. Mafani ambiri amafuna fyuzi ya ma amp 20 mpaka 30. Tsatirani mlingo wa fani yanuyo.

Pa 87 pachoke waya wonenepa wopita ku fani.

Pa 86 pafike waya wochepa wa moto umene umabwera mukatsegula kiyi. Pamenepanso pakhale fyuzi yaing'ono.

Pa 85 pachoke waya wopita ku swichi ya kutentha. Mbali ina ya swichiyo ipite ku chitsulo cha galimoto.

Waya wachiwiri wa fani amangidwe ndi bawuti pa chitsulo chopalidwa bwino, chopanda penti kapena dzimbiri.

Mawaya asangopotokoledwa ndi manja. Awotcheredwe kapena apanidwe ndi timitu take, kenaka akulungidwe ndi tepi. Asayandikire ekizozi kapena lamba. Pamene akudutsa pa bowo la chitsulo paikidwe labala, chifukwa chitsulo chimasenda waya pang'onopang'ono mpaka moto kubuka.

Ntchito ikatha, yesani kumene mphepo ikupita. Fani ikamazungulira, ikani pepala kutsogolo kwa redieta. Pepalalo liyenera kukokedwa n'kumamatira. Ngati likukankhidwira kunja, mawaya awiri a fani asemphanitsidwa. Fani yozungulira chambuyo imalimbana ndi mphepo ya pamsewu, ndipo injini imatenthabe ngakhale mukuimva ikulira.

KUFUFUZA VUTO

Choyamba dzitetezeni. Pa magalimoto ena fani ya magetsi imayamba yokha ngakhale injini itazimitsidwa. Yadulapo anthu zala. Musanalowetse dzanja, chotsani kiyi ndipo masulani mutu wa batire wolembedwa −. Vulani mphete ndi wotchi, chifukwa zikakhudza moto wa batire zimatentha n'kuwotcha. Mpango, taye kapena chitenje zisalendewere pafupi ndi injini. Ana akhale patali.

Kenaka tsatani njira ya moto ija. Yambani ndi zosavuta.

1. Zunguzani fani ndi dzanja, batire litamasulidwa. Iyenera kuzungulira mosavuta. Nthawi zina jumbo, kamtengo kapena matope ouma ndizo zimaigwira.

2. Zulani fyuzi ya fani muiyang'ane powala. Ngati kachitsulo kam'kati kaduka, ikani ina ya nambala yomweyo. Ikapsanso nthawi yomweyo, pali waya wosendeka wokhudza chitsulo, kapena mota yawonongeka. Musaike msomali, waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi. Mukatero chotsatira kupsa ndi galimoto, anthu ali momwemo.

3. Yang'anani polumikizira ponse. Mabampu amazula mapulagi, makoswe amadya mawaya, madzi a m'dzinja amabweretsa dzimbiri. Palani pamene pachita dzimbiri ndipo mangitsani waya wa earth.

4. Yesani relay. Ngati m'bokosi muli ina yofanana nayo ndendende, monga ya hutala, sinthanitsani. Fani ikayamba kugwira ntchito, mwapeza vuto.

5. Yesani swichi ya kutentha. Pa galimoto yolumikizidwa monga tafotokozera pamwambapa, zulani pulagi ya swichiyo, gwirizanitsani timabowo tiwiri ta pulagiyo ndi kawaya, bwezerani batire n'kutsegula kiyi. Fani ikazungulira, swichi ndiyo yafa. Pa ma Toyota ena akale n'zosiyana: fani imazungulira mukangozula pulagiyo. Pa magalimoto atsopano amene fani yake imalamulidwa ndi kompyuta musagwirizanitse mawaya chotere. Asiyireni amakaniko.

6. Yesani mota payokha. Tengani waya wokhala ndi fyuzi kuchokera ku batire kupita ku fani, wina kuchokera ku fani kupita ku chitsulo. Manja akhale kutali ndi mapiko. Ikazungulira mwamphamvu, mota ili bwino ndipo vuto lili m'mbuyo. Ikakhala chete, kapena ikamazungulira mwaulesi, mota yatha.

INJINI IKAWIRA MULI PANJIRA

Muvi ukayandikira pofiira musapitirize ulendo pofuna kupulumutsa nthawi. Injini ikafa ulendo watheratu. Zimitsani makina oziziritsa m'galimoto ngati alipo. Yatsani hita mpaka kumapeto ndi kutsegula mawindo, pakuti hita imachotsako kutentha kwa injini. Patukani pamalo abwino, zimitsani injini. Ngati nthunzi ikutuluka, dikirani ileke musanatsegule boneti.

Wodwala asadikire galimoto. Mmodzi atsale ndi galimoto, wina aimbe foni kuchipatala kapena aimitse galimoto ina. Wodwalayo akhale pamthunzi.

Musatsegule chitsekerero cha redieta. Chifukwa chake ndi ichi. Madzi a m'poto amawira pa madigiri pafupifupi 100. Koma m'redieta chitsekerero chimawapanikiza, kotero amatha kufika madigiri 120 osawira. Mukangotsegula, kupanikizako kumachoka, madzi onse amawira nthawi imodzi n'kuthovukira kumaso kwa wotsegulayo.

Dikirani mphindi 30 kapena kuposapo, mpaka paipi yaikulu ya pamwamba itazizira moti mungaigwire ndi dzanja ndiponso itafewa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenaka phimbani chitsekererocho ndi nsalu yokhuthala, nkhope muilozetse kumbali, potokolani pang'ono mpweya uyambe watuluka. Phokoso likatha ndiye tsegulani. Thirani madzi pang'onopang'ono. Musakhuthulire madzi ozizira pa injini yotentha, chitsulo chimang'aluka.

Nthawi yodikirayi ndiyo yoyang'ana fyuzi, mapulagi ndi relay. Ngati mota ili bwino koma swichi kapena relay yafa, mukhoza kulumikiza fani molunjika ku batire kudzera pa fyuzi kuti mukafike kuchipatala. Mukafika muilumule kuti batire lisathe, ndipo mukakonzetse ndithu.

MUNTHU AKAPSA NDI MADZI A M'REDIETA

Thirani madzi oyera ozizira popsapo kwa mphindi 20. Yambani msanga. Madzi a pamjigo, a pampopi kapena a m'chigubu chakumwa onse ndi abwino. Ngati madzi ndi ochepa, viikani popsapo m'ndowa ndipo muzisintha madziwo akafunda. Ngakhale mutachedwa, kuthira madzi kumathandizabe pasanathe maola atatu. Musaike madzi oundana.

Vulani malaya onyowa ndi madzi otenthawo, mphete, zibangili ndi wotchi malowo asanatupe. Nsalu imene yamatirira pakhungu musaikoke.

Madziwo akalowa m'maso, tsukani m'masomo ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, ndipo pitani kuchipatala.

Musapake mazira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, oyilo, mafuta a mabuleki, mchere, ufa, dothi kapena ndowe. Zinthu zimenezi sizichotsa kutentha. Zina zimalowetsa tizilombo pachilonda, ndipo achipatala amavutika kuzichotsa, wodwala akumva ululu.

Musaboole matuza. Khungu la thuza ndilo chitetezo cha chilonda.

Mukatha kuthira madzi, phimbani ndi nsalu yoyera yochapa kapena pulasitiki yoyera, osamanga kwambiri. Thupi lonse lotsala mulifunditse, makamaka ngati ndi mwana. Ngati wopsayo ali maso ndipo akutha kumeza, mpatseni madzi akumwa pang'onopang'ono kapena Thanzi ORS. Panado amachepetsa ululu.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati munthu wapsa kumaso, pakhosi, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena molumikizira mafupa. Ngati popsapo ndi papakulu kuposa chikhatho chake. Ngati khungu layera mbuu kapena lada ndipo sakumva kuwawa. Komanso ngati wopsayo ndi mwana, nkhalamba kapena mayi woyembekezera. Kuchipatala adzaonanso ngati akufunika katemera wa kafumbata. Amene apsa kwambiri amatumizidwa ku Liwonde, ku Zomba Central Hospital, kapena ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene kuli chipinda cha anthu opsa chimene chinatsegulidwa mu 1993.

MAFUNSO AMENE OMVERA ANAFUNSA

Bwanji osangoika kaswichi pafupi ndi chiwongolero kuti dalaivala aziyatsa yekha fani?

Munthu amaiwala, makamaka usiku pamene wodwala akubuula kumbuyo. Swichi ya kutentha siyiiwala. Kaswichi ka pamanja kakhoza kukhalapo ngati kothandizira, koma kadzere pa relay. Moto wonse wa fani ukamadutsa pa kaswichiko kamatentha n'kusungunuka.

Ena amachotsa thermostat kuti injini isamatenthe. Kodi zimathandiza?

Ayi. Kutero n'kubisa matenda. Injini yopanda thermostat imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga. Ngati thermostat yawonongeka, gulani ina.

Kodi madzi alionse ndi oyenera m'redieta?

Pangozi thirani madzi oyera amene alipo. Koma masiku onse pewani madzi a m'dambo chifukwa matope amatseka timipata ta redieta. Madzi a m'mijigo ina ali ndi mchere umene umaundana m'kati monga umachitira m'ketulo. Madzi a mvula osefa ndi abwinopo. Abwino koposa ndi madzi osakaniza ndi mankhwala a m'redieta ogula m'sitolo, obiriwira kapena ofiira aja, chifukwa amaletsa dzimbiri.

Chenjerani ndi mankhwala amenewa. Ndi poizoni, koma amatsekemera ndipo amaoneka ngati chakumwa cha ana. Amawononga impso ndipo amapha. Musawasunge m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa, musamusanzitse ndipo musadikire kuti ayambe kudwala. Thamangirani naye kuchipatala, botolo lake mutenge.

KONZEKERANI ULENDO USANAFIKE

Kwa inu eni magalimoto ndi madalaivala: m'mawa uliwonse, injini isanalire, onani madzi ndi oyilo. Kamodzi pa sabata imikani galimoto panja, lizani injini boneti ili yotsegula, ndipo dikirani. Muvi ukafika pakati kapena kupitirira pang'ono, fani iyenera kuyamba yokha, kuzungulira kwa kanthawi, n'kuima yokha. Zingatenge mphindi 10 mpaka 20. Ngati muvi ukukwerabe fani ili chete, zimitsani injini ndipo konzetsani tsiku lomwelo. Musachitire zimenezi m'galaja yotseka, chifukwa utsi wa galimoto umapha mwakachetechete.

M'galimoto muzikhala chigubu cha madzi oyera cha malita 5 kapena kuposapo, mafyuzi apadera, relay imodzi, waya, tepi, tochi ndi nsalu yoyera. Madzi omwewo angathandize injini, angathandizenso munthu wopsa.

Kwa inu mabanja: musadikire kuti matenda ayambe ndiye muzifunafuna galimoto. Gwirizanani ndi mwini galimoto mimba isanafike mwezi wake, ndipo mukhale ndi nambala ya wina wachiwiri. Mayi amene amakhala kutali, kapena amene anauzidwa kusikelo kuti akachirire kuchipatala chachikulu, apite kukadikirira komweko masiku asanakwane. Malangizo a zaumoyo amapezekanso kudzera pa Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira m'boma la Balaka mu 2011. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu nambala yake.

Kwa inu mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi: dziwani magalimoto amene amanyamula odwala m'dera lanu. Sikulakwa kufunsa mwini wake kuti, "Achimwene, kodi fani ikuyenda bwino?" Safunsa adadya phula.

KUMBUKIRANI

Fani ya magetsi ikhale ndi fyuzi, relay ndi swichi ya kutentha.

Pofufuza vuto yambani ndi fyuzi, kenaka mapulagi, relay, swichi, pomaliza mota.

Redieta yotentha siyitsegulidwa, ngakhale atalamula ndi bwana.

Galimoto ikaima, wodwala afuniridwe njira ina nthawi yomweyo.

Munthu akapsa, madzi ozizira kwa mphindi 20. Osapaka kanthu.

MAFUNSO OKAMBIRANA PAGULU

1. M'mudzi mwanu muno, wodwala akafunika kupita kuchipatala usiku mumadalira galimoto ya yani? Nanga imeneyo ikakanika?

2. Kodi anthu kwanu kuno amapaka chiyani pa chilonda cha moto? Tingawafotokozere bwanji azigogo athu mwaulemu kuti madzi okha ndi okwanira?

3. Mnyamata wothandiza pa galimoto angakane bwanji kutsegula redieta yotentha popanda kuchotsedwa ntchito?

4. Ndani pagulu lanu lino amene angapite kukakambirana ndi madalaivala a pasiteji ya Ntaja sabata ino?